Dzina Losowa pa Chikho cha Kaputeni

Kutada, a Dorival, mkulu wa kalabu ya oulutsa ndege kumene ndimasesa, anandituma kukatenga chikho kwa mmisiri wozokota mayina. Chikhocho ndi chokumbukira agogo awo, Kaputeni Valdomiro, woyamba kuulutsa ndege m'tauni mwathu. A Dorival ndi munthu wabwino. M'mawa uliwonse amandisiyira khofi wotentha pazenera.

Pobwerera ndinadzera kumpanda wa bwalo la ndege, ndikupemphera kolona chamumtima. Ndinamva fungo la mafuta a nsatsi, amene ankathira m'ndege zamakedzana zokha.

Pampandapo panatsamira mwamuna wovala ovolosi. Mkono wamanja analibe.

"Mayi Zulmira, mwasenza ulemu wa mabwana," anatero. "Tandiwerengerani. Dzina langa, Benedito, lilipo?"

Ndinasendeza chikho pansi pa nyale ya mumsewu. "Palibe, bambo."

Anaseka. "Ine ndinkapukusa ndi manja mapiko a pamphuno pa ndege ya Kaputeni. Tsiku lina ndinakuwa kuti asayatse kaye injini. Koma atsikana ankaonerera, Kaputeni sakanadikira. Mkono wanga anakautola m'munda wa nzimbe, anthu akumuombera iye m'manja."

Kandege kasiliva ka pamwamba pa chikho kananjenjemera, timapiko ta pamphuno tikuzungulira. Kunalibe mphepo. Apo ndinazindikira kuti ndikulankhula ndi mzimu.

"Mulungu akupumitseni, bambo," ndinanong'ona.

"Ndipuma mawa. Pamwambo wa chikhochi, ayambe kuuluka ndani?"

Ndinkadziwa kuti ndi a Dorival. Ndinakumbatira chikho pachifuwa.

"Musavutike, mayi," anatero, akuloza ndi chibwano nyumba ya a Dorival. "Mdzukuluyo ali ndi mikono yonse iwiri, eti?"