Kanyali Koopa Don Fulgencio

"Galimoto zimandiopa ine," anatero Don Fulgencio akumenyetsa kachidutswa ka masewero a domino patebulo. "Ikangolowa pageti pangapa, matenda onse amatulukira pawindo."

Anzawo atatu osewera nawo anangopitiriza masewerowo. Mawuwa anayamba kuwamva chaka chomwe mkuluyu anatsegula malo ake omatira matayala kuseri kwa msika wa ku Moca. Koma ulendo uno umboni unalipo, ndipo unkabwera Lachiwiri lililonse utadzola mafuta onunkhira.

Umboniwo unali Doña Nereida, mayi wamasiye wophika makeke, ndi galimoto yotuwa yomwe malemu anawasiyira. Miyezi itatu m'mbuyomo akuba anaivula matayala onse anayi ndi zitsulo zake zomwe, n'kuikhazika panjerwa. Don Fulgencio ndiwo anathamangirako ndi matayala ena akale, ndipo mtima wawo unatsalira komweko. Chiyambire tsikulo, kanyali kachikasu kochenjeza za mpweya wa m'matayala kanakana kuzima. Kutchalitchi kamayaka. Kumsika kamayaka. Koma galimoto ikaima pang'ono pamalo pa Don Fulgencio, kanyali kaja zii.

Don Fulgencio anapopa matayalawo. Anaphwetsa. Anaviika tayala lililonse m'madzi kufuna thovu. Anachotsa batire n'kuibwezera, akuilankhula. Mayiwo akangokhota pangodya ya msika, kanyali ngwee.

"Za ukwati munafunsa zija," Doña Nereida anawauza sabata yathayo, "mwamuna wolephera kanyali kamodzi angandizimitsire moto kukhitchini? Kazime mpaka kunyumba kwanga, yankho mulandira Lamlungu."

Ndiye Lachiwiri limeneli Don Fulgencio anali atameta, atavala malaya osita. Galimoto yotuwa inalowa. Munatuluka mayiwo ndi Yokasta, mwana wamkazi wa mchimwene wawo, yemwe amagwira ntchito pagalaja yaikulu ku Santiago. M'manja mwa Yokasta munali kamakina konga foni.

"Doña, mwandibweretsera dokotala wa zikhadabo zopenta?" anaseka Don Fulgencio. "Mwanawe, ine ndinayamba kumata matayala iwe usanamere mano."

"Mbiri yanu ndinaimva, bambo," anatero Yokasta.

Anamwa khofi kaye. Atalizanso injini, kanyali kanali katazima.

"Chago, dzuka udzaone wekha," Don Fulgencio anaitana mnzawo wina wapatebulo. "Sindinaigwire n'komwe. Ndangoiyang'ana."

"Mkazi wako woyamba unkangomuyang'ananso," anatero Chago osadzuka. "Anazima mpaka ku Nueva York."

Yokasta anagwada patayala loyamba n'kuloza kamakina. Chete. Patayala lachiwiri, chete. Onse anayi, chete.

"Azakhali, matayala awa ndi osalankhula," anatero akusasa fumbi m'mawondo. "Matayala obwera ndi galimotoyi amakhala ndi kachipangizo m'kati, kamene kamaiuza za mpweya ngati wailesi. Awa alibe. Galimoto ikuitana, palibe woyankha, ndiye ikuyatsa nyali."

"Nanga pano imazimiranji?" anafunsa Chago.

"Ulemu," anatero Don Fulgencio. "Ndanena kale."

"Mwina ndi mzimu wa malemu," anatero Doña Nereida akudzilemba mtanda. "Ankakonda kucheza pano."

"Ayi, azakhali. Pano alipo akuyankha. Ndipo galimoto simvera mawu a tayala lachilendo. Imadziwa ake okha."

Anakweza kamakina m'mwamba n'kuyamba kuyenda. Anadutsa makina opopera, anadutsa bafa loviikamo matayala. Don Fulgencio anatola domino kuti aponye, koma dzanja linatsalira m'malere.

"Kumeneko kuli atambala anga andewu, mwanawe. Amajompha."

"Ndisamala, bambo."

Kuseri, khola la atambala linali litasanjikidwa pa chinthu chofunditsidwa lona. Kamakina kanalira kamodzi. Kanaliranso, mpaka kanayi. Yokasta anakweza lonayo ndi zala ziwiri, naona matayala anayi ndi zitsulo zake, anawerenga pakamakina, n'kutembenuka.

"Ndi matayala anu obedwa aja, azakhali, manambala ake ndi a galimoto yanu," anatero. "Mpweya uli bwino onse anayi. Amawasamala."