Malo Ogona ku Lilongwe

"Kuloji ayi. Mwana wamkazi sagona pakati pa anthu osawadziwa," anatero a Salumu, maso ali pafoni.

Mwana wawo Lukiya ankalongedza katundu kuseri kwa kauntala. Koleji ya ku Lilongwe anaisankhira dala. Kumeneko kunalibe wachibale, kunalibenso sitolo yomutsekera tsiku lonse ngati ya bambo akeyi ku Mchengautuwa. Ankafuna akaione yekha, akapumeko.

"Nanga ndikafikira kuti, ababa? Wathu kulibe."

"Alipo. Faisal, uja anabwera kudzakufunsira mbeta iwe n'kumukana. Ndalankhula ndi mayi ake, ukafikira kwawo. Faisalyo akakuchingamira padepoti."

Lukiya anasiya kulongedza n'kuwayang'ana.

"Ndipo uli ndi mwayi," anapitiriza bambo akewo akumwetulira. "Akuti sitolo yawo yayang'anizana ndi geti la kolejiyo. Ukaona zonse ziwiri."