Kaseti Yoyamba ya Eduardo

Ndinkatola mabatire limodzilimodzi padenga, pomwe tinawayanika kuti apezeko mphamvu, pamene mnzanga Eduardo anafika. Iyeyu anathawa nkhondo ku Mozambique atanyamula kakiyibodi kokha. Tsopano anali atajambula kaseti yake yoyamba: kakiyibodi kakulira pipipi, iye akulankhula mothamanga ngati wogulitsa usipa. Kasetiyo inali imodzi yokha.

"Dinala, ndiperekeze kwa Mponda, wojambula makaseti uja, akatichulukitsire kasetiyi. Ndiye wati nyimbozi zili bwanji?"

Ndinangomwetulira, monga mwa masiku onse.

Kunada tili m'njira, iye atasenza wailesi paphewa, kaseti ili m'kati mwake. Tikudutsa pamanda, wailesi inayamba kuimba nyimbo ya Eduardo.

"Wayatsa ndani?" anafunsa Eduardo.

Ndinapisa m'thumba. Mabatire onse anali momwemo.

Nyimbo itatha, m'mitengo munamveka kuwomba m'manja, pang'onopang'ono. Kenako mawu a munthu wachikulire: "Bwerezani, achimwene."

Eduardo anakumbatira wailesi. "Nditani, Dinala? Kaseti ndi yokhayi!"

Masamba ouma anayamba kuchita tswa, tswa, kubwera komwe tinaima.

"Asiyire," ndinatero. "Kunena zoona, Eduardo, mwezi wonse uno amene akonda nyimbo zako ndi awa okha."