Clotilde wa ku Cuamba

Dinércia anali atamanga kale zovala zake m'kapulana. Kwa mayi ake ku Massangulo apita lero lomwe, koma ayambe waiona nkhope ya mkazi womulanda mwamunayo.

Zinayamba mwezi wotentha uja. Mwamuna wake Sulemane, wonyamula anthu pa mota, njinga yamoto ija, ku msika wa Mandimba, anangosintha. Anasamuka pabedi nkumagona pamphasa. Akamavula, nyale azimitse kaye. Kabudula wamkati ndi thawulo akuchapa yekha, munthu woti mbale yake yomwe saitsuka. Jinzi yothina ija anaitaya. Poyenda akutangadza, ndipo akaona ngati palibe akumuona, dzanja lili m'thumba, kukanda kwee kwee kwee.

Matenda otenga kwa akazi awa, Dinércia sanafunse munthu.

Ndiye dzulo anamumva kuseri kwa bafa, akunong'ona pafoni ndi Saide, mnzake woyendetsa chapa, minibasi ya ku Cuamba.

"M'bale wanga, ubwere naye Clotilde mawa. Wa kuno sakundithandiza. Popanda iyeyo sindigona."

Wa kuno! Iyeyo Dinércia, wamubalira ana awiri, wasanduka wa kuno.

Tsopano dzuwa lili pamutu. Ana anawatumiza kwa aneba. Mpini wa khasu uli kuseri kwa chitseko. Sulemane ali pakhonde, akukhala, akudzuka, maso kumsewu, thukuta kamukamu.

"Mukudikira ndani, bambo a Regina?"

"Palibe."

Chapa inaima pa mtengo wa mango. Sulemane anadzambatuka. Dinércia anagwira mpini. Chitseko cha galimoto chinatseguka. Anatsika Saide. Dinércia anatulukira panja, mpini m'mwamba.

"Ali kuti? Mutsitseni ndimuone!"

"Ndani, alamu?"

"Clotilde!"

Saide anayang'ana mpini, anayang'ana mnzake, nkupisa m'thumba la malaya pang'onopang'ono.

"Ndi uyu. Dzina lake lenileni limatipinda lilime, ndiye tinangomutcha choncho."

Kabokosi koyera ka ku farimasiya. Dinércia anawerenga movutikira: Clo-tri-ma-zol.

"Pomada, mankhwala opaka a zipere za m'mphechepeche," anatero Saide. "A mota onse amamudziwa. Thukuta ndi jinzi, alamu."

Sulemane anatsomphola kabokosiko nkuthamangira kubafa, miyendo tang'a.