Chikhomo m'Munda wa Esteri

Esteri anazula chikhomo chofiiracho ndi dzanja limodzi, dothi n'kuwazikira pa nsapato za kapitawo Thomson.

"Mayi, mwatani! Apa padutsa paipi ya mafuta yochokera kwa Apwitikizi. Abambo a pakhomo avomera kale."

Esteri anacheukira mwamuna wake. Chester anangozyolika.

"Awa ndi akamwini, anabwera kuno ndi bulangeti lokha. Munda mumapempha kwa mkamwini? Nanga paipiyo mwini wake ndani?"

"Tsidya ilo la mtsinje wa Muloza ndi ya Apwitikizi, tsidya lino ya Angelezi. Phindu agawana."

"Agawana!" Esteri anaseka, manja ali m'chiuno. "Tsidya ilo ndi munda wa achemwali anga, kuno ndi wanga. Anaswa mphanje konseko ndi amayi athu. Mafuta azidutsa pansi pa chinangwa chathu, ife tikuunika ndi muuni wa udzu? Kawauzeni azungu onsewo abwere, adzakhale pamphasa tikambirane."

Thomson anatambasula dzanja kuti alandire chikhomo chake. Esteri anachizika pa phando la nyemba yoyanga ya kalongonda, n'kukulungizapo nsonga yake yanthete.

"Ichi chapeza kale ntchito. Pitani bwino."