Pumbwa wa Lonjezo

M'mudzi mwathu nyumba iliyonse imasunga pumbwa. Chiyambireni makina kutengera mawu a anthu pa foni, khutu la munthu linasiya kuthandiza. Mbalame yokha ndiyo imamva timipata ting'onoting'ono ta pakati pa mawu, timene makina amaphonya.

Pumbwa wa kwa a Nagama analeredwa ndi mwana wawo Lonjezo asanapite kumigodi. Lamlungu lililonse Lonjezo akaimba foni ankayamba ndi likhweru, mbalame n'kumuyankha.

Lamlungu lina foni inalira a Nagama akusankha nyemba pakhonde. Likhweru linamveka, lomwe lija la masiku onse. Pumbwa anapendeketsa mutu, koma anangoti zii.

"Amayi, muli bwanji? Kuno ntchito ikuyenda bwino," anatero mawu a pa foniyo.

Amuna awo, a Mbewe, anaika pansi mpini umene ankasema. "Taimbanso likhweru, mwanangu," anatero.

Likhweru linamvekanso. Mbalame inatembenuka n'kuyamba kujompha mawere.

Onse awiri ankadziwa zimene eni migodi amachita munthu akafera pansi. Amasiya makina kuti azicheza ndi abale, maliro asamveke.

"A Nagama, dulani foniyo," ananong'ona a Mbewe. "Tiyeni tikauze anthu."

A Nagama anaimirira, nyemba n'kumwazika pansi. Ananyamula kakhola ka mbalame, nakakaika kuseri kwa nkhokwe, kutali ndi khonde. Atabwerera anatola foni ndi manja awiri.

"Lonjezo," anatero, "lero wadya chiyani, mwanangu?"