Udzu wa Che Uladi kuseri kwa khwawa

Panali bambo wina ku Machinga, dzina lawo Che Uladi, amene nyumba yawo inali m'tsinde mwa phiri, kumalire ndi nkhalango ya boma. Mkazi wawo, mayi Sofia, ankadwala mphumu. Ngakhale utsi wa pamoto wophikira unkawabanikitsa.

Boma linakhazikitsa lamulo loti midzi yozungulira nkhalangoyo iziisamala. Banja lililonse linapatsidwa chigawo chake cholambula njira yotchinga moto. Ofuna udzu wofolera amwete msanga, chifukwa mu Juni tchire lonse lotsala litenthedwa lisanaumitsitse. Mlangizi wa za nkhalango, mayi Janet, anafotokoza pamsonkhano.

"Moto wa mu Juni umayenda pansipansi, mutha kuuzimitsa ndi nthambi," anatero. "Koma tchire mukalisiya mpaka Okutobala, palibe angauthawe."

Anthu anavomera. Che Uladi nawo anawomba m'manja, mwamphamvu kuposa onse.

Pasanapite nthawi kunabwera wamalonda wina wochokera ku Balaka, wa galimoto yoyera ndi pakamwa pozuna. Ankafuna udzu wautali wofolera malo ogona alendo.

"Wa mu Juni sindiufuna, ndi wanthete," anatero mkuluyo. "Musiye ukhwime, uume bwinobwino. Mukaunjika wodzaza lole ndidzautenga wonse, ndipo inu mudzafolera malata."

Malata! Mawu amenewo anawalowa m'mutu Che Uladi moti chakudya sichinkapita. Chigawo chawo chinali kuseri kwa khwawa, kumene tsekera amatalika kuposa munthu, komanso kosaoneka ukakhala panjira. Analambula kumayambiriro ndi kumapeto kokha, poonekera anthu, pakati ponse n'kusiya. Tsiku lotentha tchire litafika, iwo anatsekereza a komiti yoyang'anira nkhalangoyo.

"Kuseriko musavutike nako, ndatentha kale dzulo ndekha."

Bodza la masana, abale inu! Koma anthu anali atatopa ndi kukwera phiri, ndipo anakhulupirira n'kubwerera.

Mayi Sofia sanakondwe nazo. "Iyayi, Che Uladi, izi si zoona. Anzathu atseka konse, ife tasiya khomo. Moto ukabwera udzalowera pati?"

"Moto wake uti? Chaka chatha kunapsa? A boma aja nyumba zawo ndi zamalata kale, ndiye akutiuza zotentha chuma."

"Nanga ine ndi chifuwa changachi?"

"Chifuwacho chimayamba chifukwa cha denga lothonyali. Mukagona m'nyumba ya malata muchira. Tengani chikwakwa tizipita."

Choncho miyezi yotentha ija ankakwera awiri mobisa, kumweta ndi kumanga mitolo. Kutsika nayo kumudzi sakanatha, anthu akanafunsa kuti udzuwu ukuchokera kuti. Ndiye anauunjika komweko, pakati penipeni pa njira yotchinga moto ija. Tangoganizani! Malo oyenera kukhala dothi lokhalokha, iwo anamangapo phiri la udzu wouma. Zimandipweteka mtima ndikamafotokoza.

Tsiku lina Lachisanu, mu Okutobala, Che Uladi anatsika kukapemphera ku mzikiti, kusiya mkazi wawo akumalizitsa kumanga mitolo. Potuluka mu mzikiti anapeza anthu akuloza kuphiri. Utsi unali tolotolo. Ena amati moto unachokera pa uvuni wa makala, ena amati anali osaka mbewa kuseri kwa phirilo. Mpaka lero palibe akudziwa.

Mayi Janet anafika pa njinga yamoto. "Musachite mantha, konse n'kolambula ndi kotentha kale. Ukafika pamalire uzima wokha."

Ndipo zinalidi choncho. Motowo unafika pa chigawo cha a Esau, unazima. Pa chigawo cha a Nasiru, unazima. Koma kuseri kwa khwawa malawi anangoti lawilawi mpaka pamwamba pa mitengo, phokoso lake ngati sitima ikudutsa pa Nkaya.

"Kodi uko si kwa Che Uladi? Si munati munatentha?" anafunsa a Esau.

Che Uladi anataya nsapato n'kuyamba kuthamanga, akukuwa, "Sofia! Sofia ali komweko!"

Amuna anawatsatira ndi nthambi, koma mphepo inali kukankhira utsi m'khwawa, ndipo palibe anatha kulowamo. Anawagwira Che Uladi akufuna kudziponya pamoto. Anthu anangoima n'kumayang'ana, azimayi akulira.

Moto utadutsa anawapeza mayi Sofia pansi pa khwawa, pamene anathawira. Moto sunawakhudze n'komwe, ngakhale chitenje chawo sichinapse. Unali utsi basi. Anali atafumbata chingwe chomangira mitolo.

Mawa lake, anthu akunyamula maliro pa jeneza kupita kumanda, foni ya Che Uladi inalira m'thumba. Anaiyankha osazindikira chimene akuchita. Anali wamalonda uja, mawu ali mwaa, kusangalala.

"Che Uladi, mwaswera bwanji? Lole ija ndapeza. Ndiitumize liti?"

Che Uladi alipo mpaka pano, m'nyumba yomwe ija yothonya. Anthu sanawalipitse mlandu, anati akulipira kale. Phiri lonse linaphukanso, koma kuseri kwa khwawa mitengo inaferatu, yangoima yakuda. Akakhala pakhonde pawo, malo amenewo ndi amene amayang'anizana nawo.

Phunziro: Akatiuza kuti tilambule njira yotchinga moto ndi kutentha tchire msanga, tisanamize anzathu kuti tachita. Pamene wasiya iwe ndi pomwe moto udzalowere, ndipo sudzayamba ndi boma, udzayamba ndi wa m'nyumba mwako. Tumizirani abale onse okhala m'mphepete mwa nkhalango, awerenge udzu usanaume.